Mausi inafa Lachisanu, wolakwa anali wa Lachinayi

Iyi ndi yaitali, ndikuuziranitu. Amene muli pa ukonde isungeni, mudzawerenga mwezi ukawala. Zolemba sizidya bandulo, ndiye musadandaule.

Ambiri mumandidziwa ngati wa mainjini. Ndikamadutsa pamchenga ndi kachikwama ka masipanala, manja ali bii ndi oyilo, palibe angaganize zoti ndingalembe za kompyuta. Inenso sindinkaganizako. Koma sabata yathayi kwathu kunachitika zinthu, ndipo pali munthu amene ndinamulakwira anthu akuona. Ndiye ndati ndilembe poti anthu aonenso. M'kati mwa nkhaniyi mutolamo zochita mausi ikangosiya kugwira ntchito, poti ndikudziwa enanu muli ndi malaputopu otopa ngati yangayi.

Ndiyambe ndi ya kale pang'ono kuti mundimvetse.

Chaka chatha nthawi ya mwera ndinapanga sevisi injini ya bwana wina pano. Yamaha Enduro ya 15, ija tonse timaidziwa. Ndinasintha mapulagi, kutsuka kabuleta, kuthira oyilo watsopano m'giya. Ndinailiza mumgolo wa madzi, ikulira bwinobwino, ikukodza madzi ngati mwana wathanzi. Madzulo anyamata ananyamuka. Asanafike ndi pa Namalenje pomwe injini inatsamwa n'kuzima. Akakoka chingwe imalira pang'ono n'kuzimanso. Anakoka mpaka mapewa kuwawa. Mapeto ake anabwerera ndi nkhafi, mwera ukuwamenya, usiku wonse kupita opanda ndi ndowa imodzi yomwe ya usipa.

M'mawa mwake bwana uja anandipeza padoko anthu ali thithithi kudikira nsomba. Zonse zimene anandinena sindingazilembe pano. Chachikulu akuti ndinazula zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Amayi anga anali pomwepo ndi beseni lawo, anangozolika. Sindinayankhe. Ndinapita pa boti, ndipo ndisanakhudze injini ndinayang'ana thanki. Pa chivindikiro cha thanki pamakhala kasikuluwu kopumira. Kakatsekedwa, petulo akamatuluka mpweya sulowa, thanki imadzikoka yokha mpaka petulo kusiya kuyenda. Mmodzi mwa anyamata anakamanga zolimba ponyamula thanki kuopa kutaya petulo, n'kuiwala kumasula. Ndinakapotokola ndi zala ziwiri, thanki inapuma kuti fyuu. Kufinya kapampu, kukoka kamodzi, injini inalira. Bwana uja anangoti "oho", n'kumapita. Mpaka lero sanandipepese.

Tsiku limenelo ndinaona mmene anthufe tilili. Chinthu chikawonongeka sitifunsa kuti chasintha n'chiyani. Timathamangira kufunsa kuti wachigwira komaliza ndani. Ndinalumbira mumtima kuti ine sindidzamuchitira munthu zimenezi. Mawu amenewa asungeni, tiwapezanso kutsogoloku.

Tsopano za laputopu. Anabwera nayo amalume kuchokera ku Joni. Ndi yakale, ya Windows 10. Batire linafa kalekale, ukangozula chaja imazima nthawi yomweyo ngati nyali. Paja popalasa ndi chala naponso panafa ine ndisanailandire. Ndiye moyo wake wonse uli pa zinthu ziwiri, chaja ndi kamausi ka chingwe kamene ndinagula pa Kamuzu Road. Amayi amakatcha kambewa. M'menemo ndimalembamo ngongole za amene ndawakonzera mainjini, poti pano ambiri amalipira nsomba zikafa.

Koma muli chinanso cholemera kuposa ngongole zangazo. Amayi ndi mlembi wa banki m'khonde ya azimayi ogulitsa nsomba, azimayi 23. Maso awo anayamba kuvuta, ndiye sabata iliyonse ine ndimakopera za m'kope lawo lalikulu n'kuziika mu Excel. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala denga linadontha pomwe panali kopelo, inki n'kuyenderera, masamba a miyezi itatu osawerengeka. Timabuku ta aliyense timangoonetsa masheya. Za ngongole, amene wabweza, amene watsala nazo, chiwongoladzanja, zonsezo zinatsala mu laputopu mokha. Ndipo tsiku logawana linali Loweruka.

Amene amayi anu ali mu banki m'khonde mukudziwa kuti tsiku logawana si la masewera. Ndi ndalama ya feteleza, ya fizi ya Januwale, ya Khirisimasi. Mlembi akangoti mabuku asokonekera, mawa lake padoko ponse pamamveka zoti wadya ndalama za anthu. Dzina likada choncho silichapika, ngakhale nyanja yonseyi ili pakhomo.

Lachinayi madzulo ndinayatsa hotspot pa foni kuti nditumize kalata ina. Laputopu inali itatha masabata osalawa intaneti. Ndinangoona bandulo ikutha ngati petulo wa injini yothawa, osadziwa kuti kuseri ikudzikokera update yokha. Nditamaliza ndinapita pozimitsira. Panalembedwa Update and shut down, ine osawerenga, ndinangodina. Sikilini inasanduka ya buluu, timadontho tikuzungulira, pansi palembedwa Don't turn off your computer. Chizungu chimenecho ndimachimva, Fomu 4 ndinafika.

Nthawi yomweyo foni inalira. Boti lili kale m'madzi, anyamata akwera, nyali zakonzeka, injini yakana. Kunja mitambo yada, kukung'anima cha ku Nkhotakota uku. Ndinayang'ana sikilini, ili pa 21%. Ndinadikira pang'ono, ili pomwepo. Foni inaliranso. Ndinaganiza za mphenzi, kuti ndikaisiya pa moto ndidzapeza yapsa. Ndinazula chaja pakhoma, sikilini kuti thii, ine ulendo wa kudoko. Ndinabwerako usiku nditanyowa, ndinadya, kugona. Za laputopu zinachoka m'mutu.

Lachisanu masana ndikubwera ku ntchito ndinapeza mng'ono wanga wa Sitandade 7 ali pakhonde ndi anzake atatu, laputopu ili pa mpando, iye akugogoda mausi pa thabwa kuti go go go. Ndinamuletsa kangapo kuigwira ine kulibe. Ndinamulanda, kuyendetsa mausi uku ndi uku, kamuvi kangoti njo pakati pa sikilini. Kudina, zii. Nthawi yomweyo m'mutu munabwera Loweruka, azimayi 23, ndi nkhope ya amayi.

Mwana anayamba kufotokoza. "Achimwene, ine ndangoyatsa. Yalemba zachizungu nthawi yaitali, kenako kamuvi sikakuyenda. Sindinapange kanthu."

Sindinamulole kumaliza. Ndinamuwaza khofi, lamphamvu, anzake akuona, aneba awiri akuona pa mpanda. Ndinamunena kuti ndi chitsiru chowononga zinthu, kuti amayi akatchedwa wakuba chifukwa cha iye. Sanalire mokweza. Anangogwira tsaya n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Amayi atamva anangokhala pansi. "Ndiye kambewako kakafa, ndalama za anthu zafera momwemo?" Ndinawauza kuti ndikonza, koma mumtima ndinalibe poyambira. Bambo anali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Sanadzutse mutu. Anangofunsa kuti, "Unamuona akuthyola?" Ndinati ayi, koma ndamupeza nayo. Iwo anapitiriza kusoka.

Ndinatumiza voice note kwa mnzanga wobena nyimbo pa Kamuzu Road. "Aise, mausi yafa, mwana waipha. Mawa m'mawa ndisungire yatsopano, ndibwera pa kabaza." Iye anayankha akuseka. "Man, iwe ndiwe makaniko. Injini ikakana umayamba n'kugula ina? Tayamba wapulumutsa kaye failo ya amayiyo. Kiyibodi ikugwira, eti?"

Apa ndiye ndinachita manyazi oyamba. Kiyibodi imagwira. Batani lija lokhala ndi kazenera, pansi kumanzere pafupi ndi Alt, ukalidina n'kulemba dzina la failo, imabwera yokha. Ndinalemba kuti banki, kudina Enter, Excel inatseguka. Mayina onse 23, ngongole zonse, palibe chasowa. Mabatani a mivi amakuyendetsa m'mwamba, pansi, uku ndi uku. Ndinajambula tsamba lililonse ndi foni. Kenako batani la kazenera ndi E limodzi kutsegula mafoda, Tab ndi mivi kuyendera, Ctrl ndi C kukopera, Ctrl ndi V kuika mu fulashi. Mphindi khumi sizinakwane. Chimene ndinamumenyera mwana, choti ndalama za anthu zatayika, sichinachitike n'komwe. Injini ikazima pakati pa nyanja nkhafi zimakhalapo. Pa kompyuta nkhafi ndi kiyibodi, ine ndinangoiwala kuti ndili nazo m'boti.

Mtima utakhala pansi ndinayamba kuganiza ngati wa ntchito. Injini ikakana sindithamangira kumasula mutu. Ndimayamba ndi zapafupi. Petulo alimo? Wasakanizidwa bwino, theka la lita ya oyilo pa malita 25? Kapampu kakulimba, ndipo muvi wake waloza ku injini? Kachingwe kozimitsira kali m'malo mwake? Pulagi ikutulutsa moto? Chimodzi chimodzi, ndipo susintha ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ikalira sudziwa chimene chathandiza. Mausi nayonso n'chimodzimodzi.

Choyamba ndinaitembenuza. Kagetsi kofiira pansi pake kakuyaka. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndiye ili moyo, koma mnzanga anandidula. M'chingwe cha mausi ya USB muli timawaya tinayi. Tiwiri timanyamula moto, mavoti 5, tiwiri timanyamula uthenga. Kagetsi kakayaka ndiye kuti moto ukufika basi. Za uthenga sikanenapo kanthu. Zili ngati kuona petulo mu thanki, sizitanthauza kuti wafika mu kabuleta.

Chachiwiri, mabowo a USB. Yanga ili ndi atatu. Ndinabaya mausi lililonse, kudikira pang'ono paliponse, kamuvi osasuntha. Koma paja fulashi inali itangogwira kumene pa mabowo omwewo. Ndinaiyesa onse atatu, imatseguka. Ndiye mabowo alibe mlandu.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna aliyense achidziwe, chifukwa pano kupeza kompyuta ina yoyesera n'kovuta. Pali kachitsulo kotchedwa OTG, amagulitsa pomwe amagulitsa machaja, kaja ena mumaonera mafilimu a mu fulashi pa foni. Mbali ina kamalowa ku foni, mbali ina ubaya mausi. Mafoni ambiri a Android amaonetsa kamuvi pa sikilini, ena amafuna uyatse kaye OTG mu Settings. Ndinabwereka kwa neba. Kungobaya, kamuvi kanatulukira pa foni, kakuthamanga bwinobwino, kudina kukugwira.

Ndinakhala chete nditagwira foni ija. Mausi ndi yamoyo. Mwana sanathyole kanthu. Kugogoda kuja anali kungoyesa kuidzutsa, ngati mmene tonse timamenyera rimoti ikakana.

Mausi ili bwino, mabowo ali bwino, ndiye vuto lili m'kati. Mnzanga anati pakati pa mausi ndi Windows pamakhala kapulogalamu kakang'ono kotchedwa driver. Osati dalaivala wa minibasi kkkk. Ntchito yake n'kumasulira, dzanja likasuntha iko kamauza kompyuta kuti kamuvi kapite uku. Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi kebulo ya akisileta imeneyo. Dzanja likupotokola, kabuleta ili bwinobwino, koma pakati palibe wonyamula uthenga.

Tisanapite kumeneko anati ndipange kaye Restart. Ndinamuuza kuti ndazimitsa n'kuyatsa kawiri konse. Anati sizofanana. Pa Windows 10 ukapanga Shut down, nthawi zambiri imasungako zina za m'kati kuti idzayake msanga, ndiye vuto limatha kugona nalo n'kudzuka nalo. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Popanda mausi umadina kazenera ndi X limodzi, kenako U, kenako R. Ndinatero. Inayaka, kamuvi kali njo pomwe paja. Ambiri vuto lawo limathera apa, langa linakana.

Kenako Device Manager. Kazenera ndi X, kenako M. Mumatuluka mndandanda wa ziwalo zonse za kompyuta, ngati wayala zitsulo za injini pa chiguduli. Udina Tab kamodzi kuti ulowe mu mndandandawo, muvi wapansi kutsika mpaka pa Mice and other pointing devices, muvi wakumanja kutsegula. Pa dzina la mausi panali kachizindikiro kachikasu ka makona atatu. Kameneko kamatanthauza kuti kompyuta ikuchiona chiwalocho koma sikumvana nacho. Enter kutsegula, Ctrl ndi Tab kupita pa tsamba la Driver. Pamenepo pali batani la Roll Back Driver, lobwezera driver yakale ngati yatsopano ndi imene yasokoneza. Langa linali lotuwa, losadinika, kusonyeza kuti palibe yakale imene inasungidwa. Ndiye ndinapita pa Uninstall Device. Musaope, sikuti mwataya kanthu, ukapanga Restart kompyuta imaikanso yokha. Ndinachotsa, Restart, kudikira. Kachikasu kaja kanabweranso.

Apa mnzanga anafunsa funso limene ine ndimafunsa eni maboti tsiku ndi tsiku. "Inagwira bwino komaliza liti? Ndipo kuchoka pamenepo chasintha n'chiyani? Usandiuze za amene anaigwira, undiuze chimene chasintha." Anati nditsegule Settings, kazenera ndi I, ndilembe kuti update history. Pamatuluka mndandanda wa ma update onse ndi masiku ake. Pamwamba penipeni panali imodzi yolembedwa Failed to install. Tsiku lake linali Lachinayi.

Lachinayi mwana anali kwa agogo, anagona komweko. Lachinayi amene anaigwira laputopu ndi munthu mmodzi yekha. Ndinaona sikilini ya buluu ija, 21% ija, dzanja langa pa chaja. Ndinakumbukanso mawu a mwana, oti yalemba zachizungu nthawi yaitali. Imeneyo inali kompyuta ikuyesa kubweza zimene ine ndinadula pakati. Mwana anandiuza chizindikiro chenicheni cha matenda, ine m'malo momvera ndinamuyankha ndi khofi.

Update ikamalowa imachotsa mafailo akale n'kuika atsopano. Kuizimitsa pakati kuli ngati wamasula kabuleta, zitsulo zina watsuka, zina zikadali pa chiguduli, wina n'kukuitana, iwe n'kungotseka chivindikiro. Mawa wina adzakoka chingwe, ikakana mlandu udzagwera iyeyo.

Mankhwala ake anali kuilola imalize zimene inayamba. Koma madzulo amenewo magetsi anali atazima kale kawiri, ndipo laputopu yopanda batire sungaidalire pa moto wotero. Ndinainyamula kupita kwa mnzathu wa babashopu amene ali ndi sola ndi batire lalikulu. Ndinagula bandulo ina, mtima ukuwawa. Settings, Windows Update, Tab mpaka pa Check for updates, Enter. Inakoka, inapempha Restart, sikilini ya buluu inabweranso. Inafika pa 21% n'kuima. Ndikukuuzani, dzanja limayabwa. Inakhala pamenepo nthawi yoti munthu ameta mitu iwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinakhalira manja anga. Inasuntha, inazima n'kuyaka yokha kawiri, inafika 100%. Nditagwira mausi kamuvi kananyamuka ngati palibe chinachitika. Mu Device Manager kachikasu kaja kanali katachoka. Nthawi inali itadutsa 11 koloko usiku.

Loweruka azimayi anakhala pa mikeka, bokosi la maloko atatu linatsegulidwa, ine ndikuwerenga pa sikilini, amayi akutchula mayina. Aliyense analandira zake mpaka kwacha yomaliza. Mayi wina anatsutsa za ngongole yake ya mu Okutobala, ndinamuonetsa tsiku ndi ndalama, anakumbuka n'kuseka. Palibe amene anadziwa kuti dzulo lake nyumba yathu inali pa moto.

Kwa amene zingakuchitikireni, ndondomeko yake nayi, muisunge:

1. Pulumutsani kaye mafailo ofunika ndi kiyibodi. Kazenera, Tab, mivi, Enter. Zokonza pambuyo.
2. Yesani mausi pa bowo lina, ndi pa foni kapena kompyuta ina. Ngati ndi yopanda chingwe onani batire lake, kaswitchi ka pansi, ndi kachitsulo kake kobaya ku USB.
3. Restart, osati Shut down.
4. Device Manager. Roll Back Driver ngati ikudinika, apo ayi Uninstall Device ndi Restart.
5. Onani update history. Ngati yalembedwa Failed, ipatseni moto wodalirika imalize. Ngati inalowa bwinobwino koma mausi inafa tsiku lomwelo, pa tsamba lomwelo pamwamba pali Uninstall updates, chotsani yomalizayo muone.
6. Ma update a mwezi ndi mwezi amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Ngati mumagwiritsa hotspot, pitani pa Wi-Fi, Properties, muyatse Set as metered connection, isamakudyereni bandulo mwakabisira. Ngati kutsogolo kuli ntchito yaikulu, pali Pause updates, imaimitsa masiku 7, ndipo mutha kuwonjezera mpaka 35. Koma musaithawe mpaka kalekale, ili ngati sevisi. Ingosankhani tsiku loti muli ndi moto ndi nthawi.
7. Ikalemba kuti musazimitse, musazimitse.

Izi ndiye zinali zophweka. Chovuta chinatsala kunyumba.

Usiku wa Lachisanu uja nditabwera ku babashopu ndinapeza bambo akadali maso pakhonde. Ndinawauza zonse, kuti wolakwa ndine. Ndimayembekeza kuti andikalipira. Iwo anangofunsa kuti, "Bwana uja wa thanki anakupepesa?" Ndinati ayi. "Zinakukoma?" Ndinati ayi. "Mwanayu unamumenyera kuti?" Ndinati pakhonde pano. "Panali ndani?" Ndinatchula anzake atatu ndi aneba. Iwo anati, "Ndiye usakamunong'oneze kuchipinda." Analowa kukagona.

Ndikuuzeni zoona, kukonza injini imene yamira m'madzi n'kosavuta kusiyana ndi kupepesa mwana wa zaka 12 anzake akuona. Kwathu kuno wamkulu salakwa, amangokugulira fanta mawa lake nkhani n'kutha. Inenso ndinaganiza za fanta. Koma ndinakumbuka "oho" uja wa padoko, mmene amandiwawirabe mpaka lero chaka chatha.

Lamulungu masana ndinawaitana onse anayi pakhonde pomwe paja, aneba ali pa mpanda ngati mwa nthawi zonse. Ndinati, "Mphwanga, mausi sunaiphe ndiwe. Ndinaisokoneza ndine Lachinayi. Unandiuza zoona, ine sindinamve. Ndinakumenya popanda chifukwa, pepa." Anayang'ana pansi nthawi yaitali, chala chikukumba dothi. Kenako anati, "Ndinakuuzani, achimwene." Basi. Sanamwetulire, ndipo sindinamukakamize. Kuigwira ine kulibe analakwadi, ndipo tinakambirana pambuyo pake awiriwiri. Koma khofi lija silinali la zimenezo, tonse tikudziwa.

Ndinazula mausi n'kuiika m'thumba, ndinamupatsa laputopu, ndinati atsegule failo ya banki ndi kiyibodi yokha. Ndinamuonetsa kamodzi. Kachiwiri anachita yekha, mofulumira kuposa ine. Pano ndi amene akuwawerengera amayi manambala Lachitatu lililonse, ndipo failo tikumaisunga patatu, mu laputopu, mu fulashi ndi pa foni. Kope latsopano lili mu jumbo, kutali ndi podontha.

Dzulo kunabwera bwana wina ndi injini ya 40, akufuula kuti mnyamata wake waipha, amuchotsa ntchito. Mnyamatayo ali pambuyo, maso ali pansi, ngati mng'ono wanga Lachisanu lija. Ndinawauza kuti bwana, dikirani kaye, za amene anaigwira tikamba pambuyo, tiyambe ndi petuloyu munagula kuti. Tinathira pang'ono mu botolo loyera n'kuliimika pa mchenga. Posakhalitsa madzi anakhala pansi, petulo pamwamba. Wa m'zigubu, ndipo anagula ndi iwo eni.

Amene munali pa mpanda tsiku lija ndi amene munangomva, nkhani yonse ndi imeneyi. Mwana uja alibe mlandu wa mausi. Tumizani kwa ena amene ali ndi malaputopu, ndi kwa amene manja awo amathamanga kuposa mutu ngati ine. Amene muli ndi ngongole yanga ya sevisi musasangalale, failo yanu nayonso inapulumuka. Tionana kudoko.